Kwaya ya anyamata ya Thomanerchor ku Leipzig: zaka 800 zija n'zoona? Nanga anawo amagoneranji kusukulu?

Nachisale

Moni nonse. Amene mumaidziwa bwino mbiri ya kwaya ya anyamata ya ku Leipzig m'dziko la Germany, yotchedwa Thomanerchor, ndithandizeni. Akuti inayamba mu 1212 ndipo mpaka lero ikuimbabe. Kwaya ya ana ingakhalitse bwanji chonchi pamene sopulano ya mnyamata sichedwa kutha? Kodi sinafeko nthawi ina kenako n'kudzutsidwa? Ndikufunanso kudziwa chifukwa chake imayendera limodzi ndi sukulu yogonera komweko, ngati kuti ana oyendera sangaimbe. Pomaliza, wopeka nyimbo wotchuka Johann Sebastian Bach atafika kudzaitsogolera anaipeza ili bwanji, ndipo ndalama zoiyendetsera zinkachokera kuti?

Mkulu wa Besi

ANachisale, chaka cha 1212 n'choona, koma chimene chinayamba chaka chimenecho si kwaya ya makonsati ayi. Dietrich, yemwe ankalamulira dera la Meissen, anakhazikitsa nyumba ya ansembe a chipani cha Augustine Woyera pa tchalitchi cha Thomas Woyera, ndipo Mfumu Otto IV inavomereza. Ansembewa ankapemphera moimba kangapo pa tsiku, m'bandakucha momwe. Akazi sankaloledwa kuimba m'kwaya ya tchalitchi, ndiye mawu okwera ankayenera kuchokera kwa ana aamuna odziwa Chilatini. Mwana woti aimbe kusanache, aimbenso masana, aimbenso madzulo, sangamachokere kwawo. Kugonera komweko kunayamba motero. Mwana ankaimba, ansembe n'kumamupatsa chakudya, pogona ndi maphunziro. Kwa banja losauka imeneyi inali njira yophunzitsira mwana popanda kulipira. Zikalata zimatchula sukuluyo koyamba mu 1254.

Pamene ikanafera ndi nthawi ya Martin Luther. Mu 1519 Luther anachita mtsutso ndi Johann Eck ku Leipzig, ndipo kwayayi inaimba pa mwambo wotsegulira motsogozedwa ndi Georg Rhau. Mu 1539 mzindawo unatsatira chiphunzitso cha Luther, nyumba ya ansembe ija n'kuthetsedwa. Sukulu inapulumuka chifukwa pofika 1543 inali m'manja mwa khonsolo ya mzinda. Mfundo imeneyi ndi imene imayankha funso lanu loyamba. Kuyambira pamenepo kwayayi ndi ya mzinda, si ya mfumu, si ya mpingo. Khonsolo ndiyo imalemba ntchito wotsogolera kwaya, amene udindo wake umatchedwa Thomaskantor, ndipo ndiyo imalipira. Mafumu anabwera n'kupita, maboma anagwa, koma khonsolo ya mzinda simatha.

Yerekezani ndi kwaya ya anyamata ya ku Vienna. Iyo imawerengera zaka zake kuyambira 1498, pa nthawi ya Mfumu Maximilian I, koma inali ya kunyumba ya mfumu. Ufumu wa Austria utatha mu 1918 ana anasowa wowasamalira, ndipo wansembe Josef Schnitt anachita kuidzutsanso mu 1924 ngati bungwe loima palokha lodalira makonsati. Ya ku Leipzig sinadukepo chonchi. Inafookapo kwambiri, makamaka pa nkhondo ya zaka 30 ya 1618 mpaka 1648 pamene mzinda unazingidwa kangapo ndipo miliri inapha anthu ambiri, koma mndandanda wa otsogolera ulipo wosaduka. Sethus Calvisius anayamba mu 1594, Johann Hermann Schein mu 1616, Tobias Michael mu 1631 nkhondo ili mkati, kenako Knüpfer, Schelle ndi Johann Kuhnau, amene Bach anamulowa m'malo.

Za ndalama, zinkachokera mbali zinayi. Khonsolo inkapereka gawo lake. Anthu olemera ankasiya chuma m'mawilo awo, kawirikawiri molamula kuti ana aziimba nyimbo yakutiyakuti pa tsiku lowakumbukira. Maukwati ndi maliro zinkalipira, ndipo kuchuluka kwa ana operekeza maliro kunkatengera ndalama zimene anamfedwa apereka. Chachinayi chinali Kurrende, kutanthauza kuyenda m'misewu atavala mikanjo yakuda, kuimba pakhomo ndi pakhomo n'kumatolera ndalama m'kabokosi. Ichi ndicho chinkawononga kwambiri. Kuimba panja m'nyengo yachisanu, makamaka cha pa Chaka Chatsopano, kunkasasitsa mawu ndi kudwalitsa ana chifuwa, ndipo m'nyumba yogona yothithikana ija mphere sizinkatha. Kuhnau anadandaula za zimenezi kwa akuluakulu a khonsolo. Ana ankawononga mawu pofunafuna ndalama zoti kwaya iziyendera. Mwambowu unadzatha m'zaka za m'ma 1800.

Wazamanotsi

A Mkulu wa Besi afotokoza bwino chiyambi. Ine nditenge za Bach, chifukwa apa tili ndi manambala olemba mwini wake.

Kuhnau atamwalira mu 1722 khonsolo inkafuna wopeka nyimbo wina, Telemann, koma iye atawonjezeredwa malipiro ku Hamburg anakana. Inafuna winanso, Graupner, bwana wake ku Darmstadt osamumasula. Bach analowa mu 1723 ndipo anakhala mpaka imfa yake mu 1750. Ntchitoyo inali ya uphunzitsi. Ankayenera kuphunzitsa Chilatini, koma ankalipira mnzake ma thaler 50 (ndalama za nthawiyo) pa chaka kuti azimuphunzitsira. Sabata imodzi pa masabata anayi aliwonse ankakhala woyang'anira ana m'nyumba yogona, kuwadzutsa, kuwapempheretsa, kuona kuti nyali zazimitsidwa. Iye ndi banja lake ankakhala m'nyumba yomweyo ya sukulu.

Pa 23 Ogasiti 1730 analembera khonsolo chikalata chodandaula. Ana ogonera anali 55, ndipo ankagawidwa m'makwaya anayi oimba m'matchalitchi anayi Lamulungu lililonse: la Thomas, la Nikolai, Neue Kirche ndi la Peter. Ku tchalitchi cha Peter kunkapita otsalira, amene Bach anati nyimbo saidziwa, amangokwanitsa kutsogolera nyimbo ya mpingo movutikira. Makwaya atatu enawo anati iliyonse ikufunika osachepera masopulano atatu, maaluto atatu, matena atatu ndi mabesi atatu, kutanthauza ana 12 pa kwaya, 36 onse pamodzi. Anawonjezera kuti zikanakhala bwino mawu alionse akanakhala ndi ana anayi. Chifukwa chimene anapereka n'chomveka kwa aliyense wogwira kwaya. Ana ankadwaladwala, ndipo mmodzi akagona kuchipatala payenera kutsala okwanira kuimba nyimbo yogawa kwaya pawiri, imene imafuna mawu asanu ndi atatu osiyana.

Ndiye anawatchula ana mayina mmodzimmodzi n'kuwagawa patatu: 17 otha kugwiritsidwa ntchito, 20 osakhwima, 17 osathandiza n'komwe. Mukawonkhetsa mupeza 54, osati 55, koma zinalembedwa choncho. Vuto lina linali la zoimbira. Nyimbo zake zinkafuna oimba zida 18 mpaka 20, pamene mzinda unkalipira asanu ndi atatu okha. Otsalawo ankawatenga kuti? Pakati pa ana 17 abwino aja. Mwana amene akanaimba besi ankapatsidwa vayolini kapena zeze wamkulu, kwaya n'kuchepera pomwepo. Akatswiri amatsutsanabe kuti kwenikweni ankaimba ana angati, ndipo mmodzi wa iwo, Joshua Rifkin, mu 1981 anafika ponena kuti nyimbo zambiri zinkaimbidwa ndi munthu mmodzi pa mawu alionse. Kaya mugwirizana naye kaya ayi, musaganize kuti Bach ankaima kutsogolo kwa ana 90 ngati lero.

Gwero la vutoli linali kalandiridwe ka ana. Malo ogonera anali aulere, choncho makhansala ankalowetsa ana a anzawo kapena ana anzeru m'kalasi ngakhale Bach atawayesa n'kunena kuti khutu la nyimbo alibe. Bedi lililonse lopatsidwa mwana wosaimba linali mawu amodzi otayika kwa zaka zingapo.

Sabata yake inkayenda motere. Nyimbo yaikulu ya Lamulungu, kantata, inkaimbidwa mosinthana, sabata ino ku Thomas, yamawa ku Nikolai. Mapemphero ankayamba 7 koloko m'mawa n'kutenga maola atatu kapena kuposa, m'tchalitchi chozizira. M'zaka zoyambirira Bach ankapeka kantata yatsopano pafupifupi sabata iliyonse. Akamaliza, ana okulirapo ndi a m'banja lake ankakopera pamanja pepala la woimba aliyense, ndipo zolakwika za okoperawo zikuonekabe m'mapepala amene anasungika. Nthawi yoyeserera onse pamodzi inali yochepa kwambiri. Ntchito yotere ndi ana oyendera simungaithe. M'nyengo ya Lenti kantata sinkaimbidwa, ndipo mpata umenewo ndi umene ankakonzera nyimbo zazitali za Lachisanu Loyera, ya masautso a Yesu malinga ndi Yohane mu 1724 ndi ya Mateyu mu 1727.

Pa ndalama, m'kalata ya mu Okutobala 1730 yopita kwa mnzake Georg Erdmann, Bach anati amapeza pafupifupi ma thaler 700 pa chaka, ambiri ochokera m'maliro ndi maukwati, ndipo anadandaula kuti chaka chapitacho mphepo inali yabwino, anthu sanamwalire ambiri, iye n'kutaya ma thaler oposa 100. Zikumveka zouma mtima, koma malipiro okhazikika anali ochepa ndipo ana ake anali ambiri.

Popeza munthu mmodzi sangakhale m'matchalitchi anayi, makwaya enawo ankatsogoleredwa ndi mapulifekiti, ana a makalasi apamwamba. Mu 1736 pulifekiti wamkulu, Gottfried Theodor Krause, anakwapula ana aang'ono mopyola muyeso. Mphunzitsi wamkulu, Johann August Ernesti, analamula kuti nayenso akwapulidwe pamaso pa sukulu yonse, mnyamatayo n'kuthawa. Ernesti anaika wina wa dzina lomwelo la Krause, amene Bach ankati sangasunge liwiro la nyimbo, mpaka Bach anamuthamangitsa pamalo oimbira mapemphero ali mkati. Mkanganowo unatenga pafupifupi zaka ziwiri. Pansi pake panali funso limene sukulu iliyonse ya mtundu umenewu imalimbana nalo, loti mwanayu ndi wophunzira amene amaimba kapena ndi woimba amene amaphunzira.

Nachisale

Zikomo kwambiri akuluakulu. Koma a Wazamanotsi, ngati ana 17 okha ndi amene ankatha, nyimbo zovuta zija ankaziimba bwanji ana a zaka 11 kapena 12?

Mayi Aluto

Achemwali, sanali a zaka 12. M'nthawi ya Bach anyamata ambiri mawu ankasintha ali ndi zaka 16 kapena 17. Bach mwini wake analandiridwa ngati sopulano ku Lüneburg mu 1700 ali ndi zaka 15. Lero mawu amasintha pa zaka 13 kapena 14, ena asanafike n'komwe pamenepo, chifukwa ana akutha msinkhu msanga. Sopulano wa Bach anali ndi mapapo a mnyamata wamkulu ndiponso zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi akuwerenga manotsi. Nyimbo zake n'zomwezo, koma tsopano zikuimbidwa ndi ana ocheperapo zaka zitatu kapena zinayi. Kwaya ya lero yonse inamangidwa pofuna kutseka mpata umenewo.

Chimene chimachitika m'kholingo ndi ichi. Muli timinofu tiwiri timene timanjenjemera mpweya ukamadutsa. Mnyamata akamatha msinkhu timatalika pafupifupi sentimita imodzi ndipo timanenepa, pamene kwa mtsikana timangowonjezera mamilimita atatu kapena anayi. N'chifukwa chake mawu a mnyamata amatsika kuchoka pa do wapamwamba kufika pa do wapansi, a mtsikana n'kungotsika pang'ono. Timinofuti timakula msanga kuposa mmene mwana angazolowerere kutigwiritsa ntchito. Zizindikiro zimabwera motsatana. Mwana amatalika mwadzidzidzi, mawu olankhulira amatsika, manotsi apamwamba amayamba kutuluka ndi mpweya wambiri ndipo amatopa msanga. Kenako pamabwera malo pakatikati pamene mawu satuluka n'komwe kapena amadumpha okha. Chonyenga n'chakuti miyezi yochepa izi zisanachitike sopulano imakoma kuposa kale lonse, ndipo wotsogolera amafuna kumugwiritsabe mwanayo mpaka Khirisimasi kapena Pasaka idutse. Apo ndi pamene mawu amawonongekera. Mwana amayamba kufinya kukhosi ndi kukweza chibwano kuti afike pamwamba, mawu amasasa, ndipo chizolowezi chofinyacho amapita nacho ku tena kapena besi.

Ku Leipzig mnyamata wotere amapumitsidwa kuimba m'kwaya, miyezi ingapo mwinanso chaka. Sachotsedwa sukulu ndipo bedi lake salandidwa. Amapitiriza kuphunzira piyano kapena chida china, amathandiza kugulitsa mapulogalamu ndi ntchito zina pa makonsati, mphunzitsi wa mawu n'kumamuyesa pafupipafupi. Mawu akakhazikika amabwerera ngati tena kapena besi. Apa pali kusiyana ndi makwaya ena. Ku Vienna kwaya zoyendayenda zimakhala za sopulano ndi aluto basi, ana a zaka 10 mpaka 14. Ku King's College ku Cambridge ana 16 amaimba mawu okwera, apansiwo n'kuimbidwa ndi ophunzira a kuyunivesite. Ku Leipzig mawu onse anayi amachokera m'nyumba imodzi, ana a zaka 9 mpaka 18. Choipa chake n'chakuti besi wa zaka 16 sanakhwime, manotsi otsikitsitsa amamveka mopepuka. Ubwino wake ndi waukulu kuposa pamenepo, chifukwa besi aliyense anaimbapo nyimbo yomweyo ali sopulano ndipo amaidziwa mkati ndi kunja.

Tiwerengere. Ana alipo 90 kapena kupitirira pang'ono, m'makalasi asanu ndi anayi, kuyambira kalasi 4 mpaka 12. Ndiye kuti chaka chilichonse pamatuluka pafupifupi khumi ndipo payenera kulowa khumi. Wolowa ndi zaka 9 kapena 10 amatha chaka choyamba akuphunzira kutsatira, chachiwiri akuyamba kudalirika, ndipo pofika 13 akupita kokapuma. Zaka zimene amanyamuladi kwaya ndi ziwiri kapena zitatu zokha. Chaka china mukalandira ana ofooka simudzaona vuto pompo. Lidzaoneka patapita zaka zitatu ku sopulano, n'kudzaonekanso patapita zaka zisanu ndi ziwiri ku besi. M'mera mpoyamba, n'chifukwa chake masiku ano maphunziro a mawu ndi manotsi amayambira ku pulayimale, kalasi 1 mpaka 3, mwana asanalowe m'nyumba yogonera.

Ntchito yake ndi yosapumira. Nthawi ya sukulu amaimba mapemphero a nyimbo otchedwa Motette m'tchalitchi cha Thomas Lachisanu 6 koloko madzulo ndi Loweruka 3 koloko masana, ndipo Loweruka kawirikawiri pamakhala kantata ya Bach limodzi ndi oimba zida a Gewandhaus, gulu lalikulu la oimba zida la mumzindawo. Lamulungu m'mawa pali mapemphero. Nyimbo zimasintha sabata ndi sabata, ndiye masiku ophunzira ndi anayi okha. Choyamba mawu alionse amayeserera paokha, nthawi zina motsogozedwa ndi pulifekiti, kenako onse amakumana. Watsopano amaimikidwa pambali pa wodziwa kuti azimva m'khutu lake momwe mawu akulowera ndi popumira. M'nyumba yogona, imene iwo amaitcha Kasten, ana amakhala m'magulu osakaniza misinkhu, osati kalasi ndi kalasi, ndipo wamkulu pagululo amaona kuti aang'ono adzuka, alemba ntchito ya kusukulu, asunga manotsi awo. Mphunzitsi mmodzi sangaphunzitse ana 90 nyimbo zatsopano m'masiku anayi. Amaphunzitsana okha, ndipo ichi ndi chimene kwaya ya oyendera singachite.

Mkulu wa Besi

Ndiwonjezere za pambuyo pa Bach, chifukwa anthu ambiri amalumpha kuchoka 1750 kufika lero. Mu 1789 wopeka nyimbo wotchuka Mozart anafika ku Leipzig, ana n'kumuimbira nyimbo ya Bach ya makwaya awiri motsogozedwa ndi Johann Friedrich Doles, amene anali wophunzira wa Bach. Zimenezi zikusonyeza kuti kwayayi inasunga zina mwa nyimbo zake pamene ambiri anali atamuiwala. Sukulu inasamuka pafupi ndi tchalitchi mu 1877, nyumba yogona yatsopano ya pa Hillerstraße inatsegulidwa mu 1881, ndipo nyumba yakale imene Bach ankakhalamo inagwetsedwa mu 1902.

Amene anaitchukitsa kunja ndi Karl Straube, wotsogolera kuyambira 1918 mpaka 1939. Ndiye anayamba maulendo akunja mu 1920, kumayiko a Scandinavia, ndipo kuyambira 1931 makantata a Bach ankaulutsidwa pa wayilesi. Mu 1937 kwaya inalowetsedwa m'gulu la achinyamata la Hitler. Günther Ramin, amene analowa mu 1940, anapitiriza nyimbo za tchalitchi komanso ankaimba pa zochitika za boma, ndipo anthu amaweruza mosiyana za iye. Mabomba atagwa pa Leipzig pa 4 Disembala 1943 ana anasamutsidwira ku Grimma mpaka nkhondo itatha. Anzawo a kwaya ya Kreuzchor ku Dresden sanachite mwayi wotere, ana 11 anafa pa mabomba a mu Febuluwale 1945. Mafupa a Bach anaikidwa m'tchalitchi cha Thomas mu 1950, tchalitchi chimene anali poyamba chitawonongeka pa nkhondo.

Nthawi ya East Germany inali yodabwitsa. Boma losakhulupirira Mulungu linkalipira ana oimba nyimbo za tchalitchi sabata iliyonse, chifukwa kwayayi inkalipatsa ulemu kunja. Koma linkagwira chingwe cha maulendo. Wotsogolera kwaya Kurt Thomas anachoka kupita ku West Germany mu 1960 atakangana ndi akuluakulu pa nkhani yomweyo. Wotsogolera wina, Hans-Joachim Rotzsch, anatula pansi udindo mu 1991 zitadziwika kuti ankapereka nkhani kwa apolisi achinsinsi a Stasi. Anatsatira Georg Christoph Biller mu 1992, amene anali mwana wa kwaya yomweyi, kenako Gotthold Schwarz, ndipo mu 2021 Andreas Reize wa ku Switzerland, Mkatolika woyamba pa udindowu chiyambire nthawi ya Luther.

Mphunzitsi Wogonera

Mayi Aluto anena zoona kuti ana kuphunzitsana okha ndiyo mphamvu ya kwayayi, koma aNachisale asachoke pano akuganiza kuti dongosololi lilibe ngozi. Nkhani ya Krause ya 1736 ija inayamba ndi mwana wamkulu wopatsidwa ndodo pa ana anzake. Nyumba yotsekeka, ana aang'ono otalikirana ndi makolo, wotsogolera amene aliyense amamuopa chifukwa kwaya ikutchuka, zonsezi zikakumana mwana wozunzidwa amasowa kokanena. Chitsanzo chodziwika ndi cha kwaya ya Domspatzen ku Regensburg. Lipoti la loya Ulrich Weber la mu 2017 linapeza kuti ana osachepera 547 anamenyedwa kapena kugwiriridwa kuyambira 1945 mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ambiri a iwo ali kusukulu yokonzekera ya ana aang'ono kwambiri.

Sukulu zimene zaphunzirapo kanthu zimachita zinthu zooneka ndi maso. Mwana wamkulu amakumbutsa ndi kuthandiza, koma chilango chimakhala m'manja mwa osamalira ana olembedwa ntchito, amene amagona m'nyumbamo mosinthana. Chipinda chophunzirira mawu mwana ali yekha ndi mphunzitsi chimakhala ndi galasi pachitseko. Pamakhala munthu wolandira madandaulo amene sali pansi pa wotsogolera kwaya, ndipo mwana amaloledwa kuimbira foni makolo ndi kupita kwawo pafupipafupi. Chovuta kwambiri kusunga ndi malire a maola oimba. Disembala ndi sabata ya Pasaka zimadzaza ndi makonsati, mayeso a kusukulu ali pomwepo, ndipo mwana wa zaka 11 amene wagona mochedwa masiku atatu otsatana amayamba kutsika pa noti ngakhale nyimboyo akuidziwa bwino. Wotsogolera wosazindikira amawonjezera nthawi yoyeserera, pamene mankhwala ake ndi kuchotsa kuyeserera kwa tsiku limenelo, ana akagone 8 koloko.